Nkhono za a Ackson

"Ndati sindipita! Tayi ameneyo mumange, mumasule, zanu izo, koma ine sindipita!"

Anastasia ankakuwa ali pa masitepe, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja. Mwamuna wake Kondwelani anali pagalasi la mu corridor akulimbana ndi tayi. Chaka chinali 1992, nthawi yomwe Amalawi, ngakhale a ku Birmingham, ankayamba acheuka kaye asanatchule za boma la kumudzi.

"Ana, tsitsa mawu. Makoma a ku Handsworth kuno ndi mapepala. It's just lunch."

"Lunch ya chani? Munthu wabwera mwezi watha, akuti ndi wa business, koma business yakeyo palibe akuidziwa. Kutchalitchi amangofunsa maina a anthu ndi kwawo. Lero akutiitanira ku French restaurant. Ifeyo? Ndife abale ake?"

"A Ackson ndi munthu wamkulu. Tikakana ndiye tioneka ngati tikubisa kanthu. Komanso ine ndikufuna ndikaoneko, malo ngati amenewo sindinalowemo chibadwire."

Chobisa chinalipodi. Loweruka lililonse anthu seven ankakumana kwa Walusungu ku Selly Oak, kulemba makalata ofuna zipani zambiri omwe ankalowa kumudzi mozemba. Wotaipa anali Anastasia, pa typewriter yakale yomwe ankaisunga pansi pa bedi. Kondwelani sankapitako, ankati ali busy ndi thesis. Ndiye kumudziko kunali mchimwene wake wamng'ono wa Anastasia, Fiskani, first year ku Zomba.

Anastasia anavala nsapato inayo.

Anatsika basi m'tauni mvula ikuwaza. Restaurant ija inali ndi chitseko cholemera, makatani ofiira, carpet yomeza phazi. Anthu ankalankhula chapansipansi ngati pamaliro. Waiter wamtali anawalandira majasi. A Ackson anali atakhala kale pakona, msana kukhoma, maso kukhomo.

"Alamu! Mwatichitira ulemu. Khalani apa, pafupi ndi ine."

Menu yonse inali French yokhayokha. Anastasia anangoona kuti pali mafoloko atatu ndi mipeni iwiri, ngati akufuna kupanga operation. A Ackson anaoda za onse. Waiter atabwera ndi wine anathira pang'ono m'galasi mwawo, iwo n'kulikankhira kwa Anastasia.

"Lawani ndinu, alamu."

"Kwathu mwini mowa ndi amene amayamba kumwa," anatero Anastasia, manja ali pamiyendo.

A Ackson anaseka osatsegula pakamwa, n'kumwa. "Mukuopa chani? Kuno ndi ku England."

Kondwelani anaimirira kuti akasambe m'manja. Sanafunse munthu njira. Anadutsa pa bar, n'kukankha katani lina lopanda chikwangwani chilichonse, n'kutsika masitepe. Anastasia anamuperekeza ndi maso mpaka katani lija linasiya kugwedera.

"Fiskani ali bwanji?" anafunsa a Ackson, akupaka batala pabuledi.

Dzina limenelo Anastasia anali asanalitchulepo kutchalitchi.

"Ali bwino."

"Mnyamata wanzeru. Room yake ndi ija yoyang'ana kumsewu eti? Anzake awiri anakwera galimoto ina yake mu June. Mpaka lero makolo awo akufunsabe. Zomvetsa chisoni, alamu. Ana amakono samvera."

Kondwelani anabwerera nthawi yomwe waiter ankaika mbale. M'mbale iliyonse munali nkhono six m'zigoba zake, zikununkha adyo, pambali pali kachitsulo kopanira ndi kafoloko ka mano awiri.

"Nkhono?" anatero Anastasia. "Zomwe zija timaponda m'dzinja?"

"Escargots, alamu. Azungu amazikonda kwabasi."

Anastasia anayesa kugwira kachitsulo kaja, kanamupulumuka n'kugwera pa tebulo. Atatembenuka anaona mwamuna wake. Kondwelani, munthu woti kunyumba nkhuku amadya ndi manja onse awiri, anali atapana chigoba ndi dzanja lamanzere, n'kulowetsa kafoloko, n'kupotokola, kanyama kaja n'kutuluka bwinobwino. Kenako ananyika buledi mu batala wotsalayo. Sanayang'ane n'komwe zomwe manja ake ankachita.

Waiter anawerama pafupi naye akumwetulira. "And your steak very well done, sir. I remember. No blood this time, I told the chef myself."

Kafoloko ka Kondwelani kanaima m'malere.

"Akukusokonezani ndi munthu wina, eti a Kondwe?" anafunsa Anastasia pang'onopang'ono. "Poti ife anthu akuda timafanana."

Kondwelani anayang'ana m'mbale.

A Ackson anapukuta pakamwa, n'kupisa m'thumba la jekete. Anatulutsa pepala lopindapinda n'kuliyala pakati pa magalasi. Anastasia analizindikira asanaliwerenge. Analitaipa yekha mu September.

"Ili linapezeka ku Lilongwe," anatero a Ackson. "Typing yabwino kwambiri. Kungoti makinawo ndi okalamba. Ndamva amagona pansi pa bedi, mwina ndi fumbi." Anaika cholembera pamwamba pa pepalalo. "Inu sitikukufunani, alamu. Ndinu mayi wapabanja, anakunamizani. Walusungu tikumudziwa kale. Atsala five. Amunanu akuti maina awo sawadziwa, poti sapitako. Lembani kuseriko, tidye nyama yathu mwamtendere. Fiskani amalize sukulu."

Pa tebulo loyandikana nalo mzungu wina anaseka nthabwala ya mkazi wake. Kukhitchini kunagwa supuni.

"Kangati?" Anastasia anafunsa mwamuna wake.

"Ana, listen..."

"Mwadyako kangati kuno?"

"Kawiri." Anaika kafoloko pansi. "Katatu. Anandipeza ku library, Ana, ankadziwa kale zambiri. Anati scholarship yanga itha, anati tikangotsika ndege atitenga. Ndinawauza za typewriter kuti aone kuti tikugwirizana nawo. I was protecting you."

"Mutavala tayi yemwe ndinakusitirani ine."

"Lemba basi, zithe. Anthu amenewo si abale ako. Fiskani ndiye m'bale wako."

Anastasia anatola cholembera chija. Anaganiza za Fiskani atakhala pa bedi mu room yoyang'ana kumsewu, akumva galimoto ikuima panja. Kenako anaganiza za Dinnah, nesi wa ku Smethwick yemwe ankabwera ku Selly Oak ndi mandasi, amene ana ake awiri anatsala ndi amayi ake ku Dedza. Aliyense mwa anthu five aja anali ndi wake kumudzi. Ndipo a Ackson akalandira maina lero, mwezi wamawa adzaodanso nkhono, n'kufuna ena.

Anastasia anaika cholembera chija m'mbale, pakati pa zigoba, batala n'kuchinyowetsa. Anakankha mpando.

"Ganizani bwino, alamu," anatero a Ackson, osakweza mawu. "Zomba si patali."

"Ana, khala pansi, anthu akutiyang'ana," ananong'ona Kondwelani, atamugwira mkono. "Nyama sinabwere. Ukupita kuti?"

Anastasia anachotsa dzanja lija ngati akuchotsa chinthu chonyowa.

"Ku Selly Oak. Uwauzenso zimenezo, poti ndiye ntchito yako."

Anadutsa waiter yemwe ankabwera ndi mbale zitatu, sanadikire n'komwe jasi lake, anakankha chitseko cholemera chija n'kutuluka pamvula.