Tatsala Pang'ono Kutera

Kuchimuna anamupatsa dzina loti Namzeze, ati poti sankatera pansi. Analiyambitsa ndi apongozi ake aakazi, amene akabwera kudzacheza ankapeza mwana wawo ali yekhayekha, mkazi ali mumlengalenga kugawira anthu achilendo tiyi. "Kodi iwe unakwatira munthu kapena sutikesi?" ankafunsa motero. Namzeze akamva ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa.

Ulendo uno analumbira kuti amupeza pakhomo. Anachonderera anzake ogwira nawo ntchito m'ndege, nasinthana nawo maulendo mpaka mpata unapezeka. Koma mpatawo anachita kuugula ndi tulo. Anauluka maulendo otsatizana, kupuma kongoti lamulo lisathyoke, ndipo anafika masana ali m'yunifolomu, maso ali psuu, apongozi atakhala kale pa sofa.

Kutopa kulibe ulemu. Mutu ukagona, manja amangochita zomwe anazolowera. Namzeze anabwera ndi thireyi, akumwetulira kumwetulira kwa kuntchito kuja.

"Tiyi kapena khofi, amayi?"

"Tiyi."

"Nanga inu, bwana?" Apa ankafunsa mwamuna wake weniweni, womudziwa mpaka mkonono.

Mwamunayo anangoti kukamwa yasa. Asanayankhe n'komwe, Namzeze anali atatenga chikwama cha apongozi pamiyendo pawo n'kuchikankhira pansi pa mpando. Kenaka anayamba kutolera makapu, tiyi akufukabe nthunzi.

"Iwe, sindinamwe ine!" anatero mayiwo, atagwiritsitsa kapu.

"Pepani amayi, tatsala pang'ono kutera."

Mawuwo atangotuluka, anadzidzimuka. Anaona makatani ake, firiji yake, ndi nkhope ya apongozi ikumuyang'ana ngati wabwebweta m'tchalitchi. Manyazi anamugwira. Zonse anavutikira zija, basi wadzionongera yekha ndi kapu ya tiyi! Anakhala pambali pawo kuti apepese bwinobwino, koma sofa inali yofewa, ndipo kupepesako kunathera paphewa la mayiwo.

Foni ya Namzeze inalira m'thumba la jekete lake. Mwatulotulo anamva mwamuna wake akunong'ona kuti ndi a ku ofesi yokonza maulendo, mwina wina wadwala ndiye akufuna wolowa m'malo. Namzeze anayesa kudzuka, poti kukana sankakudziwa, koma dzanja lolemera linamubwezera pomwe anali.

"Kodi ino si nthawi yake yopuma?" anafunsa mayiwo.

"Ndi yake, amayi."

"Ndiye bweretsa kuno. Halo? Ayi bambo, si iyeyo. Ngati ndege yanuyo ilibe wothira tiyi, anthuwo amwe madzi, sakufa. Mwana wanga wagona, ndipo wofuna kumudzutsa ayambe wathana ndi ine."

Mwana wanga. Chikwatiwireni, Namzeze anali asanamvepo mawu amenewa pakamwa pawo. Anafuna kulira, koma tulo tinafika msanga kuposa misozi.