Mankhwala a Mkamwini

Mayi anga, a Enelesi, ndi mwamuna wanga Gerishon sankayang'anana m'maso. Sikuti ankadana, ayi. Ndi mwambo wa upongozi, umene ena anausiya kalekale koma mayi anaugwira ndi manja awiri. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Pakakhala nkhani, ine ndinali foni yawo. "Triza, uwauze bambo akonze khola la mbuzi," ankatero mayi, bambowo, Gerishon, ali pomwepo, akumva zonse.

Chaka chatha mayi anayamba kuvutika ndi miyendo. Akamakwera chitunda kuchokera kumunda wa mbatatesi, katumba ankakokana mwadzidzidzi, kuuma gwa ngati chinangwa chachiwisi, mpaka ankakhala pansi nkumabuula. Kuchipatala cha ku Ligowe, dokotala wathu, a Herbert, anawapatsa mapilitsi a maginiziyamu, nati mwina mchere wina wa m'thupi wachepa.

Gerishon kwawo ndi ku Matandani, kwathu kuno anabwera chikamwini. Amalume anga ankamuona ngati khasu lokhala ndi miyendo, ndipo zinkandipweteka. Tsiku lina atapita ku Limbe kukagula zitsulo za njinga yake yamoto ya kabaza, anabwerako ndi kabokosi kobiriwira kolembedwa Chitchaina. M'katimo munali timapaketi ta mizu youma, yofulula ngati tiyi, yotsekemera ngakhale osathira shuga. Wogulitsayo anamuuza kuti ndi ya kukokana kwa minofu. Anandipatsa ine, ine nkupereka kwa mayi, monga mwa masiku onse.

Mayi anayamba kumwa zonse ziwiri, pilitsi ndi tiyi. Ndipo kukokana kuja kunachepadi. Kaya chinathandiza ndi chiti, palibe akudziwa, koma mayi anasankha okha woti ayamikidwe. Kutchalitchi, kuchigayo, kumjigo, nkhani inali imodzi: "Mkamwini wanga wandichiza." Mawuwo anazungulira mudzi wonse mpaka anamupeza mwini wake. Amalume, amene kale ankamusiya atanjuta, anayamba kumukokera mpando. Gerishon anayamba kuimba mluzu potsuka njinga. Ine ndinakondwa, ndisaname.

Kenako mapazi a mayi anayamba kutupa. Nsapato zawo zapulasitiki zinakana kulowa, mutu unkawawa tsiku lonse. Tinabwerera ku Ligowe. A Herbert anawayeza magazi mmene akuthamangira, nayezanso kachiwiri, nkhope itasintha.

"Mayi, kodi pali china chimene mukumwa kupatula mapilitsi aja?"

"Palibe, adokotala."

Ndinawayang'ana mayi wopemphera uja akunama osaphethira. Ndinatulutsa kabokosi m'chikwama, poti ndinali nditakatenga mwakachetechete. A Herbert anawerenga timalemba ta Chingerezi ta kumbuyo.

"Mankhwalawa si oipa ayi, ena amawathandiza," anatero. "Koma muli muzu wotsekemera umene ukamwedwa tsiku ndi tsiku umatha kukweza magazi ndi kutupitsa miyendo. Umatayitsanso mchere wina m'thupi. Ife tikuthira, iwo akutunga. Asiye lero, ndipo mubwere nawo Lachisanu tidzawaonenso."

Pobwerera, mayi anaima pansi pa mtengo wa manachesi, akupuma movutikira.

"Usakawauze bambo."

"Amayi, mwamva zimene anena adokotala."

"Ndamva, si ine gonthi. Koma ndalengeza mudzi wonse. Mawa ndikanene kuti mkamwini ananditupitsa miyendo? Amalume ako adzati anafuna kundipha. Munthu uja wavutika pakhomo pathu, wangokhala kumene pampando. Ndizimwa pang'ono basi."

Lachisanu linafika, mayi anakana kupita. Ndinawapeza m'mawa pakhonde, miyendo ili pa mphasa ngati mitsuko, kapu ya tiyi uja ili m'manja. Ndinachita mantha kuti ndiwataya chifukwa cha ulemu. Ndinapita kuseri kwa nyumba kumene Gerishon ankapopa tayala, ndipo ndinamuuza zonse, ndi za amalume zomwe.

Anaika pampu pansi, napukuta manja m'buluku. Kenako anadutsa pabwalo, molunjika, njira imene sanayendepo chikwatirire, nakagwada pafupi ndi mphasa ija. Mayi anakoka chitenje kuphimba nkhope.

"Triza," anaitana mayi, "afunse bambo akufuna chiyani."

"Amayi," anatero Gerishon, osadikira ine, "ndipatseni kapuyo."

Azimayi awiri amene ankapita kumjigo anaima ndi ndowa zawo.

"Ndinagula kuti muziyenda. Mpando ndilibe nawo ntchito, pansi ndinazolowera. Amalume ndikawauza ndekha kuti ndinabweretsa chinthu chimene sindinkachidziwa bwino."

Dzanja la mayi linatuluka m'chitenje pang'onopang'ono, litagwira kapu ija. Gerishon anailandira ndi manja awiri, natayira tiyiyo pa tsinde la nthochi.

"Ku Ligowe ndi kutali ndi miyendo imeneyi," anatero mayi. Sanatchule dzina langa. Ankalankhula naye iyeyo.

"Njinga ilipo."

Tinawakweza awiri, ine ndi iye. Mayi anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, atagwira chitsulo chakumbuyo, pakati pawo patatsala mpata woti mbuzi nkudutsa. Ndinaima pamsewu, misozi ikulengeza, ndikuwaperekeza ndi maso. Amalume anatuluka m'nyumba mwawo kukamwa kuli yasa.

Njinga itafika pachitunda chija chimene mayi ankakhalapo pansi akubuula, inadumpha pamwala. Ndinaona mayi akusiya chitsulo, nkumugwira Gerishon m'chiuno ndi manja onse awiri. Mpaka anakhota pakona, anali asanamusiye.