Njerwa za Sara

Edward atabwerako ku Halale m'chaka cha 1954, anaima pabwalo la mudzi wakwawo, kufupi ndi Nsaru, n'kuyang'ana nyumba zozungulira zamitengo zomata ndi matope. Anapukusa mutu.

"Izi ndi nkhokwe, si nyumba," anauza mkazi wake Sara. "Ine ndimanga yangodya zinayi, yanjerwa zowotcha, ngati za kumishoni."

Sara anali wa ku Nambuma, ndipo pamudzipo anali pachitengwa. Zaka zisanu ndi chimodzi zimene mwamuna wake anali kutali, analima yekha fodya ndi mtedza. Ana awiri amene anabereka anamwalira ali makanda. Atamva za nyumbayo mtima wake unakhala pansi, poti munthu womanga ndi njerwa sachokanso pakhomo.

Edward anaitana mmisiri wina dzina lake Cornelius, amene anaphunzira zomanga ku Namitete. Cornelius anakhoma zikhomo, nakoka chingwe, nayeza maziko a zipinda zitatu ndi khonde.

"Njerwa zifunika zambiri, bambo," anatero. "Mupeze anthu aganyu."

"Aganyu achiyani? Ndili ndi mkazi ine."

Chilimwe chonse Sara anatunga madzi kudambo, anagumula chulu, naponda dothi mpaka mapazi anang'ambika. Ankathira dothilo m'chikombole, kuthamanga nacho poyanika, kukhuthula, kubwerera. Edward ankakhala pamthunzi atavala jekete, akuloza njerwa zopindika kuti ziphwanyidwe. Nkhuni zowotchera uvuni anasenzanso Sara yemweyo.

Chaka chachiwiri makoma anayamba kukwera, ndipo Sara anali ndi pakati. Tsiku lina Cornelius ali pamwamba anamuona atatsamira khoma, njerwa zili pamutu.

"Bambo Edward, mayiwa si okha. Apumeko."

"Inu mangani khoma. Za m'banja mwanga zisiyeni."

Sabata isanathe Sara anapita padera. Anagona masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Edward anaponya nkhata pamphasa pake, iye n'kudzuka.

Nyumba inatha mu Okutobala 1955. Inali yamalata, yamazenera agalasi, makoma ake oyera ndi njereza. Anthu ankachokera ku Kabudula pa njinga kudzaiona, ena kumayeza khonde ndi mapazi kuti akamange yawo.

"Kazire pansi, zipinda zonse," Edward anauza mkazi wake. "Pasalale ngati mbale."

Sara anakatapa dothi lakuda kudambo. Anazira chogwada masiku atatu, akukulunga ndi mwala, uku akuyimba chapansipansi. M'chipinda chakum'mawa anabwereza kawiri, poganiza kuti ndi mmene azigona.

Pansi patauma, ngolo inaima pakhomo. Munali bedi lachitsulo, sutikesi, ndi mtsikana wa ku Mpingu, dzina lake Hilda.

"Kodi mlendoyu ndani, bambo?" anafunsa Sara.

"Si mlendo. Ndi mwini nyumba."

"Nanga ine?"

"Iwe yako uli nayo kale." Edward analoza ndi mlomo nyumba yawo yakale yozungulira. "Nyumba ngati iyi imafuna ana. Tatsitsa bedilo."

Sara anayang'ana azimayi amene anasonkhana, koma onse anagwetsa nkhope. Anagwira mbali imodzi ya bedi, mwini ngolo inayo, nalilowetsa. Miyendo ya bedilo inakanda pansi pomwe anazira.

Sizinathere pomwepo. Nyumba yakaleyo inali kutsogolo kwa khonde, ndipo Edward anati ikutchinga maso a anthu odutsa mumsewu. M'mawa wina, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kuda, Sara akuchokera kumunda anapeza denga lili pansi, amuna awiri akuzula nsichi. Miphika yake, mphasa ndi lichero zinali pamtetete.

"Ndizigona kuti tsono?"

"Kukhitchini kuli malo," anatero Edward. "Nkhuku sizilimbana ndi munthu."

Sara sanalire. Anamanga kamtolo kake, nasenza, nalowera njira ya ku Nambuma. Edward anamupeza pamphambano, namasula mtolowo pakati panjira anthu akuona. Anatulutsamo khasu.

"Ili ndi lapakhomo pano," anatero, nabwerera.

Kwawo alongo ake anamumangira kanyumba kozungulira kuseri kwa nyumba ya amayi ake. Msana wake sunawongokenso, ndipo kutaya magazi kumene kunayamba atapita padera sikunaleke. Anamwalira mu 1958.

Wonena uthenga wa maliro anafika pa njinga dzuwa lili pamutu. Anapeza Edward atagwada pakhonde, akusalaza simenti imene anagula ku Lilongwe. Munthuyo anatsika, navula chipewa, nafotokoza.

Edward sanadzutse mutu.

"Ndamva," anatero. "Simenti ikauma sidikira munthu. Ndipo imani uko, mungandipondere."