Uchi wa Amawotchi

Anthu a mumsewu uja ankawatcha Amawotchi, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi zinayi anakhala pa katebulo ka pazenera akukonza mawotchi, kagalasi kali padiso. Kenako manja anayamba kunjenjemera, lamanja ndiye kunyanya. Ntchito anaisiya okha wina asanawauze, ndipo sanadandaulire munthu. Chimene chinadzawavuta chinali uchi.

Tiyi wawo ankamwa wothira uchi, supuni imodzi m'mawa, ina madzulo. Mayi a m'nyumba ali moyo ndiwo ankathira. Atamwalira, Amawotchi anapitiriza okha, kutapa m'botolo lomwe lija lakukamwa kwakukulu, ndipo alamu awo oweta njuchi sanasiye kutumiza chigubu chaka ndi chaka. Koma kuchoka pabotolo kukafika pakapu ndi ulendo ndithu, ndipo supuni ya uchi m'dzanja lonjenjemera imasiya mapazi. Kadontho patebulo, kaulusi m'mbali mwa botolo, kena pachivindikiro. Nyerere sizichedwa kuuzana.

Mwana wawo wamkazi anali namwino, ndipo ankabwera Loweruka lililonse. Ankalowa moni uli pakamwa, maso ali patebulo la kukhitchini. Loweruka lina anapeza mzere wa nyerere wochokera pazenera, kutsika khoma, kukwera mwendo wa tebulo. Anapukuta, anachapa kansalu, anakayanika, kenako anakoka mpando. Anati nkhani si nyerere ayi, koma munthu amene akutaya uchi lero mawa adzadzitayira madzi owira. Kwake kunali chipinda chakumbuyo, chongofunika kutulutsamo zitsulo za bambo a ana.

"Ndikadzazipezanso Loweruka likubwerali, Bambo, tidzalongedza."

Amawotchi anati nyerere nazo ndi anansi, sabwera ndi mlandu. Namwino sanaseke.

Nyumba ija Amawotchi anali atakhalamo mpaka kudziwa chitseko chimene chimafuna kuchinyamula pang'ono kuti chitsekeke. Kwa mwana wawo kunali adzukulu anayi ndi kanema wosazima. Adzukuluwo ankawakonda ndithu, makamaka akamatsanzika.

Lolemba kunafika akamwini, amuna a namwino, amene ntchito yawo inali ya mipope. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa chili pabondo, nazungulira ndi nkhani za mvula ndi za adzukulu, mpaka anafika pamene anabwerera.

"Bambo, akakusamutsani inu ndiye kuti asamutsanso mapaipi anga. Ndilibe kwina kowaika."

Anayang'ana botolo lija ngati mmene amayang'anira sinki yotsekeka, ndipo anagamula kuti vuto ndi supuni. Chotsani supuni, nkhani yatha. Lachinayi masana anabwera ndi ndowa yoyera yapulasitiki, yatsopano, ataiboola mmunsi n'kuikamo kampopi. Anati aiyesa ndi madzi katatu, sinadonthe ngakhale kamodzi. Anakhuthuliramo chigubu chonse cha alamu, naiika pashelefu ya pazenera, kampopi katayang'ana patebulo. Kunkatentha tsiku limenelo. Atapotokola, uchi unatsika bwinobwino, ndipo akamwini anapita akuimba mluzu.

Lachisanu kunacha kozizira. Amawotchi anaika kapu pansi pa kampopi n'kupotokola. Sikunatuluke kanthu. Anapotokola mpaka kumapeto, nayang'ana wotchi ya pamkono, mphindi imodzi, ziwiri. Uchi ukazizidwa suyendera nthawi ya munthu. Ali chidikirire, panamveka kugogoda pageti. Anali telala wa nyumba yoyandikana, akufuna kubwereka makwerero. Amawotchi anasiya kapu pomwepo. Kampopi kosatulutsa kanthu kamaoneka ngati kotseka.

Telala uja sabwereka chinthu n'kungopita. Anafotokoza za denga lake, za bondo lake, za mwana wake amene saimba foni. Amawotchi anamugwirirako makwerero. Nthawi yonseyo dzuwa linali likukwera, mpaka linafika pazenera la kukhitchini n'kuyamba kuotcha ndowa ija.

Atabwerera chakumasana anapeza uchi ukutsika wonenepa ngati chala. Kapu inali itadzaza kalekale. Tebulo lonse linali nyezinyezi, ndipo uchi unkagwera pansi mbali ziwiri, wina utafika kale kumiyendo ya sitovu. Anayenda pamwamba pake, masilipasi akukana kunyamuka, natseka kampopi. Anaima pang'ono. Pazenera nyerere zitatu zinali zitafika kale kudzaona malo.

Anatenthetsa madzi, anagwada, nakolopa katatu. Msana unawauza zaka zawo. Atamaliza anasamba m'manja, anavala jekete, natseka chitseko chija mochinyamula, ulendo wa kusitolo.

Mayi wa m'sitolo ya ziwiya anayamba ndi zokongola. Anatulutsa botolo lagalasi lokhala ndi kamtengo kotapira, koma kamtengo ndi supuni yomwe ija yavala suti. Anatulutsanso kajagi kokhala ndi kachitsulo kokankha ndi chala. Amawotchi atakanyamula, chivindikiro chinayamba kulira ngati mano a munthu wamalungo. Anakabweza. Poona kuti mayiyo akufuna kutsitsa zina, anangotambasula dzanja lamanja pakauntala kuti alione.

Mayi uja analiyang'ana, osanena za pepani. Anawerama n'kutenga pashelefu ya pansi botolo lapulasitiki lofewa, lakamlomo kosongoka, lofanana ndi aja amaikamo tomato sosi m'malo odyera a m'mbali mwa msewu. Amawotchi anati uchi wa alamu awo sungalowe m'chinthu chotere, iwo anazolowera galasi.

"Njuchi sizidzabwera kudzakuyenderani, bambo," anatero mayiyo.

Anawaonetsa kagwiridwe kake: manja onse awiri, kufinya pang'ono, kenako kulekerera, ndipo botolo limameza lokha dontho lotsala. Anafuna kukatunga madzi kuti ayesere pomwepo. Amawotchi anati asavutike, madzi ndi uchi si pachibale, aphunzira lero lomwe. Panali lofiira ndi loonekera mkati. Anatenga loonekera mkati.

Kunyumba analitsuka n'kuliyanika padzuwa mpaka kuuma gwa, pakuti alamu ankanena kawirikawiri kuti uchi ukalawa madzi umasasa. Kenako anakoka mpando, anakhala pansi pa ndowa ya akamwini, nagunditsa kukamwa kwa botolo pakampopi. Sanachotse maso mpaka linadzaza. Anatseka, anayang'ana, anatsekanso.

Kuyesa koyamba anaphonya kapu. Kachiwiri anakumbukira mmene ankakhalira pa katebulo ka mawotchi akamaika kasipuling'i kochepa ngati tsitsi: zigongono zonse patebulo, dzanja lina litagwira linzake, mpweya utagwidwa. Manja ankanjenjemerabe, koma kamlomo kanali mkati mwa kapu, ndipo kunjenjemera konse kunkathera momwemo.

Loweruka namwino anafika ndi amuna ake. Tebulo linali loyera, khoma lopanda mzere. Anayenda kupita kusinki, ndipo pafupi ndi sitovu nsapato yake inamata pang'ono isananyamuke. Anapondanso. Anayang'ana pansi, anayang'ana ndowa ya pashelefu, kenako amuna ake. Akamwini anayamba kufufuza kudenga ngati pali podontha.

Amawotchi anali atakonza bodza usana wonse wa dzulo, lonena za kapu yogubuduka. Litafika pakamwa linawalemera.

"Ndinasiya mpopi wosatseka," anatero. "Theka la uchi linapita."

Anadziwa kuti zimenezi n'zoposa nyerere. Dzanja lotaya ndi lina, mutu woiwala mpopi ndi wina, ndipo namwino amadziwa kusiyana kwake. Akamwini anayamba kufotokoza kuti kulakwa n'kwawo, anayesa ndi madzi, sanaganize za kuzizira, koma akazi awo anawadula pongokweza dzanja. Namwino anakhala pampando umene ankakhala mayi ake.

"Mundipangire tiyi, Bambo."

Amawotchi anathira madzi theka m'ketulo yaing'ono, kuti isalemere. Atawira anazimitsa sitovu, nainyamula ndi manja awiri. Madzi analowa m'kapu, pang'ono pokha anagwera m'kambale. Kenako anakhala pansi, anatsegula kamlomo ka botolo, anakhazika zigongono. M'khitchini munali zii, moti ankamva mawotchi awiri a pabalaza akupikisana. Anafinya. Uchi unatsika ngati ulusi n'kumira mu tiyi. Atalekerera, kadontho kanalendewera kumlomo, kanazengereza, kenako kanabwerera mkati.

Namwino anatakasa, anamwa. Anati uchi wachuluka, adzawapatsa anthu matenda a shuga. Anatenga botolo lija, analitembenuza, analifinya pang'ono, nafunsa ngati tsopano ayamba kugulitsa tchipisi. Amawotchi anati akuganizirabe za malo.

Atamaliza tiyi anauza amuna ake kuti anyamule ndowa ija akaiike m'galimoto. Uchi uzikhala kwake, ndipo Loweruka lililonse azibwera ndi wokwanira botolo limodzi. M'nyumba muno musapezekenso chinthu cha mpopi chimene sichituluka madzi. Akamwini anaikumbatira ndowa, koma pakhomo anaima, akuyang'ana akazi awo.

"Mapaipi aja akhale kaye," anatero namwino.

Amawotchi analimva liwu lakuti kaye, ndipo sanalitsutse. Anawaperekeza mpaka pageti, nabwerera kukhitchini. Anapukuta kamlomo ka botolo ndi chala, ananyambita, natseka. Kenako anatenga kansalu konyowa n'kugwadanso pafupi ndi sitovu.