Tsiku Limene Bambo Anakana Mpunga wa Asewele

Vuto linayambira pageti, tisanalowe n'komwe. Mlonda wamkazi anatsegula chikwama chathu n'kutulutsa bakuli limene amayi anatilongedzera m'mawa: chapati, mbatata yokazinga ndi achali wa mango. Analinunkhiza, n'kuliika pashelefu pamene panali kale mulu wa mabakuli a anthu ena.

"Zakudya za kunyumba sizilowa. Mudzatenga potuluka."

Ine ndinayang'ana bambo. Bambo anayang'ana kumwamba ngati bakulilo si lathu.

Ndifotokoze kaye, kuopa mungaone ngati ndinkalirira chapati. Achemwali anga a Vandana anakwatiwa chaka chatha ndi alamu a Devendra, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Delhi. Alamuwo ndi amene anatiitana kuti tikacheze patchuthi, n'kugula matikiti a paki yamasewera ija ya kunja kwa mzinda. Tinalipo asanu: iwowo, achemwali, amayi awo a Kaushalya, bambo ndi ine. Amayi anga anatsala kunyumba chifukwa cha mawondo. Matikitiwo anali a zonse pamodzi, kukwera zinthu ndi kudya komwe. Amakumanga kalamba ka pulasitiki pamkono, ukafuna chakudya umangoonetsa kalambako. Ndalama za pamanja salandira m'kati monsemo.

Tsono bambo anga ndi aja akale. Kwathu munthu akakwatitsa mwana wamkazi ndiye kuti wamupereka, sadyanso kanthu ka kubanja kumene mwanayo wapita, ngakhale madzi a m'tambula. Ife ana timadya, mwambowu umagwira akuluakulu. Anthu ambiri anausiya kalekale. A Mishra oyandikana nafe amakakhala mwezi wathunthu kwa mwana wawo, pobwera malaya osatheka kumanga mabatani. Koma bambo anga ayi. Kukwera zinthu anavomera, akuti mpando sulowa m'mimba. Kudya ndiye musawayambe.

Chachiwiri ndi ichi. Bambo ali ndi matenda a shuga, ndipo kwa alamu sankadziwa. Anawapeza nawo ukwati uli pafupi, amayi n'kunena kuti tikhale chete, poti anthu akamva amayamba kufunsa ngati mtsikanayo sanatengere. Achemwali ankadziwa za mapiritsi okha. Za jakisoni amene adokotala anawayambitsa posachedwa tinkadziwa atatu: bambo, amayi ndi ine. M'mawa umenewo, tisanakwere basi, ndinawaona akudzibaya pamimba. Akabaya amayenera kudya masana osaphonya, apo ayi shuga amatsika. Zinachitikapo kamodzi kunyumba. Anagwa pakhonde, amayi akukuwa, ine ndikuthamanga ndi supuni ya uchi.

Titadutsa pageti bambo anandinong'oneza kuti, "Chanchal, pakamwa pakopo usoke."

"Koma bambo, auzeni alondawo kuti mukudwala, akubwezerani bakuli."

"Pamaso pa asewele? Tayenda."

M'mawa wonse zinkayenda bwino, sindinama. Tinakwera mahatchi amatabwa ozungulira, tinalowa m'nyumba ya mizukwa momwe a Kaushalya anamenya chidole ndi chikwama chifukwa chinawagwira paphewa. Mayi amenewo ali ndi zibangili zagolide mpaka m'chigongono, ndipo tsitsi lawo lakuda bii lija n'lopaka, ndinaona imvi m'munsi akuwerama. Pabwato lotsetsereka m'madzi alamu ananyowa thalauza lonse, achemwali kuseka mpaka misozi. Nanenso ndinkaseka, koma diso langa linali pamanja a bambo.

Dzuwa litafika pamutu alamu anati, "Tiyeni tikadye, mimba yanga yayamba kuimba nyimbo."

Holo yodyera anaimanga ngati nyumba yachifumu, yokhala ndi njovu zasimenti pakhomo. M'kati munali phokoso la mbale zachitsulo ndi ana olira. Fungo la mpunga, nyemba zofiira, samusa zongochoka m'mafuta, abale inu! Alamu anabwera ndi mbale zisanu, n'kuika yodzaza kwambiri kutsogolo kwa bambo.

Bambo anaikankha pang'ono ndi chala. "Ine ndakhuta, mwana wanga. Ndinadya kunyumba."

"Kunyumba? Apongozi, paja munanyamuka kusanache."

"Mimba ya nkhalamba sichedwa kudzaza."

A Kaushalya anaika supuni pansi. "Asewele, musatichititse manyazi. Ndikudziwa chimene mukukanira. Zimenezo zinatha ndi agogo athu. Kuno si kunyumba kwanga, ndi kupaki. Waphika ndine ngati?"

"Wagula ndi mwana wanu," anatero bambo mofatsa. Kenaka anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa ndalama. "Kapena tichite chonchi. Mulandire izi, mbaleyi ikhale yanga."

Eee, pamenepo ndiye anapalamula. Nkhope ya a Kaushalya inasintha. "Tayamba kugulitsa mpunga ife? Devendra, wamva? Apongozi ako akutiyesa a lesitilanti."

"Amayi, chonde."

"Bwezani m'thumba zimenezo, asewele. Mukafuna kukhala ndi njala khalani nayo, koma musatinyoze."

Bambo anabweza ndalamazo. Achemwali anaweramira mbale yawo, makutu ali psuu. Ndinasendera pafupi n'kunong'ona kuti, "Bambo, tengani samusa yangayi pansi pa tebulo, palibe aone."

"Yakoyo wagula ndani?"

"Ndiye shuga wa m'tiyi yekha, kapaketi kamodzi."

Anandiponda phazi. Anadzuka n'kupita pampopi wa panja, kumwa madzi ndi manja, n'kubwera akupukuta ndevu ngati munthu amene wadya phwando.

Titatuluka m'holomo alamu anayesetsa kuti anthu asekenso. Anatitengera kuchigudumu chachikulu chija chimene ukakwera umaona mzinda wonse. Pamzere panali anthu ngati nyerere, dzuwa likuswa mutu. Apa m'pamene ndinaona thukuta. Silinali thukuta la kutentha ayi, linali lija la mikanda pamphumi, munthu nkhope itatuwa. Dzanja limene anagwira nalo chitsulo cha pamzere linkanjenjemera, iwo n'kulibisa m'thumba.

"Bambo, zayamba."

"Palibe chayamba."

"Manja anuwo."

"Iwe mwana, ukundiwerenga ngati nyuzipepala bwanji? Yang'ana kutsogolo!"

Anakalipa mokweza mpaka mayi wina wa kutsogolo anatembenuka. Bambo anga sakalipa pagulu. Ngakhale tsiku lija anagwa pakhonde anayamba chonchi, kukalipira mphaka popanda chifukwa.

Achemwali anandikokera pambali. "Bambo atani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma maso a bambo anali pa ine. "Atopa chabe," ndinatero. Ine amene kusukulu amati nkhani ikandifika m'mawa, pofika masana ndi ophika phala omwe aimva.

Tili pafupi kufika kutsogolo, bambo anati iwo sakwera, akufuna akaone maluwa a kugeti. Ndinadziwa kuti akufuna akatuluke akadye panja. Alamu anati, "Apongozi, mukatuluka salola kulowanso." Bambo anangogwedeza dzanja n'kuyamba kuyenda. Ine ndinadumpha chingwe n'kuwatsatira.

Geti linali kutali, abale. M'mawa sitinaone kutalika kwake chifukwa tinkaima paliponse. Tinadutsa malo a tigalimoto togundana, tinadutsa dziwe la abakha. Bambo ankayenda mokhotakhota ngati munthu woledzera, ine nditawagwira pachigongono. Paliponse panali zakudya: chimanga chokazinga, ayisikilimu, maswiti aja a ngati thonje. Ndinapempha mnyamata wogulitsa zakumwa kuti alandire ndalama za bambo. Analoza kamakina kake n'kunena kuti akagwidwa ndi ndalama m'manja ntchito yatha.

Kenaka tinamva ng'oma. Antchito a pakiyo anali atamanga zingwe mbali zonse za msewu waukulu, chifukwa inali nthawi ya chionetsero. Kunkadutsa atsikana ovina, anthu ovala ngati akambuku, ngolo zamaluwa, chinjovu chachikulu cha nsalu. Msewu wopita kugeti unali tsidya lina.

"Achimwene, tidutse nawo, bambo anga sakupeza bwino," ndinauza wantchito wa pachingwe.

Sanandimve n'komwe ndi phokosolo. Anangoloza kuti tidikire.

Bambo anakhala pabenchi, kapena ndinene kuti anagwerapo. Malaya onse anali atanyowa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Vandana, watseka mbuzi?" Ife mbuzi tinagulitsa ndili sitandade 2. Lilime linkalemera, mawu akutuluka okokeka.

Nditatembenuka ndinaona achemwali akubwera chothamanga, alamu pambuyo, a Kaushalya kumapeto akupuma wefuwefu, zibangili zili ngwerengwere. Sanakwere chigudumu chija.

"Ndi dzuwa limeneli," anatero alamu. "Tiwapititse pamthunzi, tiwathire madzi kumutu."

"Mwina ndi mtima," anatero a Kaushalya. "Agonekeni chagada."

Bambo anandigwira mkono. Mphamvu munalibe, koma ndinamva chimene zalazo zinkanena. Ndinayang'ana milomo yawo, inali itayera. Ndinaganiza za amayi ali kunyumba ndi mawondo awo, akudikira basi yamadzulo.

"Si dzuwa!" ndinakuwa mpaka wakambuku wina anatembenuka. "Ndi shuga! Ali ndi matenda a shuga, abaya jakisoni m'mawa, sanadye kanthu! Akapanda kulawa chotsekemera pompano akomoka!"

Achemwali anati, "Jakisoni? Jakisoni wa chiyani?" Koma sanadikire yankho. Anathamangira kwa mnyamata wa zakumwa uja, kumuonetsa kalamba ka pamkono, n'kubwera ndi kapu yaikulu ya madzi a mango. Alamu anathamangira kukaitana a chipatala cha m'pakimo.

Achemwali anagwada n'kuika kapu pamilomo ya bambo. Bambo, ngakhale mutu unali utasokonezeka, anatseka mano n'kutembenuza nkhope. Madzi a mango anatayikira pamalaya.

"Bambo, imwani."

"Za... za eni."

"Za eni ndani? Ndine Vandana! Munandiphunzitsa kuyenda ndinu. Mukufuna mufe pabenchi, pamaso panga, kuti anthu adzati munali aulemu?"

Sanatsegule. Maso anayamba kutembenuka. Apo a Kaushalya anaponya chikwama chawo pansi, anakhala pabenchipo n'kugwira mutu wa bambo ndi manja awiri ngati wa mwana wokana mankhwala. Mayi amene sanakhudzanepo ndi bambo ngakhale chala.

"Asewele, tamverani. Mwanayu munatipatsa, eti? Ndiye ndi wanga. Ndikumulamula ine kuti akumwetseni. Mlandu ukhale pamutu panga. Yasamulani!"

Kaya anamva mawuwo kaya mphamvu zinangotha, sindikudziwa. Mano analekana pang'ono. Achemwali anathira pang'ono, ine ndikuyang'ana pakhosi. Sipanagwedezeke. Ng'oma zija zikungolira, ana akuwomba m'manja. Kenaka pakhosi panayenda. Anameza. Anathiranso, anameza. Pofika theka la kapu anaigwira okha ndi manja onjenjemera.

Namwino anafika ndi alamu, anawabaya pachala n'kuyang'ana kamakina kake. Anati zayamba kukwera, koma adye chakudya chenicheni msanga, ndipo anatikalipira tonse kuti munthu wodwala chonchi amaloledwa kulowa ndi chakudya chake akangonena pageti.

Patapita kanthawi maso a bambo anabwerera m'malo mwake. Anayang'ana kapu, anayang'ana malaya awo achikasu ndi mango.

"Ndamwa chiyani?"

"Madzi a mango," anatero achemwali. "Wagula ndi mwamuna wanga. Ndakumwetsani ndine."

Bambo anandiyang'ana ine, ine n'kuyang'ana abakha.

A Kaushalya anatola chikwama chawo n'kuchisasa fumbi. "Matendawa anayamba liti, asewele?"

Achemwali anauma. Alamu anati, "Amayi, si nthawi yake ino."

"Ndikufunsa asewele, sindikufunsa iwe."

Bambo akanatha kunena kuti mwezi watha, ine sindikanatsutsa, ndikulumbira. Koma anati, "Ukwati usanachitike."

A Kaushalya anayang'ana achemwali nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Achemwali anali chigwadire, mawondo ali m'madzi a mango. Kenaka mayiwo anapumira m'mwamba.

"Devendra, kawatengere mpunga ndi nyemba. Nkhani iyi tidzaikamba akapeza mphamvu, chifukwa ndikufuna ndidzawakalipire bwinobwino, osati ali chonchi ngati nkhuku yonyowa."

Mbale itabwera bambo sanaikankhe, komanso sanaigwire. Inangokhala pamiyendo pawo, nthunzi ikukwera. Achemwali anasamba m'manja ndi madzi a m'botolo, anasakaniza mpunga ndi nyemba, n'kutapa ndi zala. Alamu anatembenuka dala n'kumayang'ana ngolo zamaluwa. Bambo anayasamula. Misozi inkatsikira m'ndevu, iwo akutafuna pang'onopang'ono.

Atameza kachitatu anati, "Nyembazi mchere wachepa."

"Idyani," anatero a Kaushalya. "Mwayamba lero lomwe, mwayamba kale kudandaula?"