Chikuku cha Cornelius

"Matayala awiriwa ndi ngolo kale," anatero a Makina, akugogoda chikuku ndi chala ngati akusankha dzungu pamsika wa Chiringa.

Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a Cornelius, mwana wa mlongo wawo. Katundu wa malemu anamuyala pamphasa: malaya anayi, mawailesi awiri opanda matumbo, kachitini ka tizitsulo tokonzera mafoni, ndi chikuku chimene ankayendera. A Makina, pokhala mwini mbumba, ndiwo ankagawa, koma mtima wawo unali pa nandolo wakumunda wosowa chonyamulira.

Aliness, mlongo wake wa malemu, anakhala kumapeto kwa mphasa. Chikukucho ankachifuna, koma kunena chifukwa chake kunali kudziulula.

Matenda a Cornelius adokotala a ku Blantyre anawafotokoza kalekale. Akuti m'minofu ya munthu muli puloteni ina, dzina lake disitirofini, yomwe imagwira mnofu monga luzi limagwirira denga. Cornelius anabadwa alibe. Ndiye mnofu ukagwira ntchito unkang'ambika pang'onopang'ono, kuyambira miyendo, kenako manja, mpaka chifuwa ndi mtima. Mayi ake, a Rozaria, atangomva za puloteni anamudyetsa mazira mwanayo mpaka nkhuku zinayamba kukaikira kuthengo. Adokotala anati ayi, imeneyi sidyedwa, thupi limapanga lokha. Ananenanso kuti vutoli limadutsira mwa akazi n'kukagwira ana aamuna. Bambo a Cornelius atamva zimenezo anapita ku Mozambique kukagula chimanga. Zaka khumi ndi zisanu zatha, akusankhabe chimangacho.

Tsono Noah, mwana wa Aliness wa zaka zisanu, akagwa ankadzuka chogwira maondo, kenako ntchafu, kudzikwera yekha ngati mtengo. Akatumba ake anali onenepa, anthu n'kumati adzamenya mpira ameneyu. Aliness ankadziwa chimene akuona. Koma ankaopa kumuuza mwamuna wake, Mcdonald. Kuchokera ku Phalombe, Mozambique si patali.

"Palibe wochifuna chikukuchi, eti?" anafunsa a Makina. "Kuchisunga m'nyumba n'kuitana matenda."

"Achimwene, matenda sakhala m'matayala," anatero a Rozaria.

"Nanga akwere ndani? Inuyo?"

"Chisiyeni, amalume," anatero Aliness chapansipansi.

"Chifukwa?"

Aliness anayang'ana zala zake zakuphazi ngati zabwera lero.

Mcdonald anali pakhonde, pamalo a mkamwini, pomwe munthu amamva zonse koma sayankha. Anatsokomola.

"Pepani amalume, mphasa iyi si yanga. Koma chikukucho ndi cha Noah."

Onse anatembenukira kukhonde. Aliness anaweramitsa mutu.

"Alamu anga a Cornelius anandiuza chaka chatha, nthawi yokolola, ndikuwasambitsa," anapitiriza Mcdonald. "Anati, 'Alamu, mwaona mmene Noah amadzukira? Ndine ameneyo. Akazi anu akuopa kukuuzani, akuti mupita kokagula chimanga.'"

A Rozaria anaseka misozi ili chuchuchu, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje.

"Ndiye inu munati chiyani?" anafunsa Aliness, osadzutsa mutu.

"Ndinalira. Iwo n'kundikalipira kuti madzi alipo kale m'beseni, ndisawonjezere amchere. Anandipatsa sabata imodzi. Akuti ngati ndili wothawa, ndithawe iwo akali moyo, mukhale ndi wokutonthozani."

"Sabata itatha?"

"Ndinabwera ndi sopo monga mwa masiku onse. Anandiyang'ana, n'kuti, 'Poti mwatsala, phunzirirani pa ine. Ine ndine thumba la chimanga, Noah adzakhala kansengwa chabe.' Anandiphunzitsa kutembenuza munthu osamukoka mikono, kumuwongola mapazi kuti asapindike, kumuthandiza kutsokomola. Ndikalakwitsa ankati ndabwereza kalasi. Anatinso tisachedwe naye kuchipatala monga anachedwera iwo, chifukwa mwana akapita msanga amayenda zaka zochulukirapo."

"Nanga ine osandiuza bwanji, bambo a Noah?"

"Anati ndikudikireni munene nokha. Mukalephera, ndidzanene tsiku logawa katundu, amalume asanapange ngolo."

A Makina anachotsa dzanja pachikukupo ngati chatentha.

"Mwana wopanda ulemu," anatero. "Ngolo yake ikanakhalanso yaing'ono." Anatola wailesi imodzi yopanda matumbo n'kuiika pamiyendo.

Aliness anamuyang'ana mwamuna wake. Chaka chathunthu anagona chotsegula diso limodzi, kumvetsera ngati njinga ya mwamunayo ikutuluka pakhomo kulowera ku Mozambique, pomwe mwini njingayo anali pasukulu kuseri kwa bafa. Anafuna kuthokoza, koma woyenera kumuthokoza anali atagona kumanda. Anangokoka chikuku chija n'kuchiimika pambali pake.

Kuseri kwa nkhokwe kunatulukira Noah akuthamangitsa mwanapiye. Anapunthwa, n'kugwa chafufumimba. Aliness anadzambatuka, koma Mcdonald anamugwira mkono.

"Alamu ankati munthu si katundu, uyambe wamufunsa."

Mcdonald anapita n'kunjuta patsogolo pa mwanayo.

"Bwana, tikunyamuleni?"

"Ayi," anatero Noah, akulavula dothi. "Ndidzuka ndekha."

Mcdonald anaika manja kumbuyo, n'kudikira.