Phazi la Atelala

Atelala anali ndi chilonda kuphazi, ndipo sanafune kuti munthu aliyense adziwe, ngakhale akazi awo amene.

Chinayamba ngati masewera. Bambowa ankakonda kupalasa makina awo osokera osavala nsapato, ati nsapato ndi ndende ya zala. Tsiku lina anaponda kaphini kamene kanagwera pansi pa tebulo, koma sanamve kanthu. Matenda a shuga, amene anakhala nawo zaka zambiri, anali atayamba kuchititsa dzanzi mapazi awo. Anadzazindikira posamba, ataona magazi ouma kuchidendene.

Achimwene awo nawonso anali ndi shuga, ndipo anadulidwa mwendo chifukwa cha chilonda. Kuyambira pamenepo Atelala ankangodziona ngati ali pamzere, kudikira tsiku lawo. Nanga telala wopanda mwendo angapalase bwanji makina? Mantha anawagwira, ndipo mantha akagwira munthu nzeru zimathawa. Anatola kansalu kotsala pa diresi la kasitomala, n'kumanga chilondacho, n'kuvalira sokosi pamwamba. Tsiku lawo lokaonana ndi adokotala litakwana, anati ntchito yachuluka.

Koma akazi awo, amene ankasita zovala m'chipinda chakuseri, anali ndi makutu akuthwa.

"Bambo, makina anuwa akutsimphina bwanji masiku ano?"

"Lamba watha, mayi."

"Lamba? Ndakuonani ine, mukupalasa ndi mwendo umodzi. Nanga masokosi kutentha konseku, mwayamba liti usilikali?"

Atelala anayesa kuseka, koma kuseka kwake sikunamveke. Mayi aja anagwada n'kuwavula sokosi ija okha. Chidendene chinali chitatupa, ndipo kansalu kaja kanali katamatirira pachilonda.

"Mayo ine! Mukufuna mundisiyire ana ndekha? Tiyeni kuchipatala pompano."

"Sindipita. Akakandiona akandidula ngati achimwene. Bola ndikhale nawo mwendo wanga kuno."

Mayiwo sanalimbane nawo. Anangotuluka n'kukagogoda khomo loyandikana nalo, kumene kunkakhala anesi ena ogwira ntchito kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Anesiwo anabwera, nasamba m'manja, n'kuyang'ana phazi lija modekha.

"Atelala, mumasoka bwino, koma chilonda si kolala ya malaya. Mukuopa chiyani kwenikweni?"

Apa bambo aja anaulula zonse. Anati chakudya sichikulowa, tulo sitikubwera, ndipo akangomva kuyabwa pena pake amati basi, matenda aja akula.

"Manthawo si achilendo," anatero anesi. "Odwala shuga, BP, mphumu, ambiri amakhala nawo. Koma tandiuzeni, achimwene anu anapita liti kuchipatala?"

Atelala anaweramitsa mutu. "Anapita phazi litada kale. Ankathira mankhwala awo kunyumba."

"Mwaona? Si chipatala chimene chinawalanda mwendo, koma kuchedwa. Chilonda chanuchi chikadali chaching'ono. Sindingakulonjezeni ine pano, akakuoneni adokotala, koma ambiri obwera msanga chonchi amachira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Ife tingathandize pokhapokha inu mutabwera."

Anapita tsiku lomwelo, akazi awo atawagwira mkono. Adokotala anatsuka chilonda, kumanga bandeji yoyera, n'kuwapatsa mankhwala opha tizilombo. Atayeza magazi anapeza kuti shuga wakwera, ndiye anasintha kamwedwe ka mapilitsi. Anawalamula kuti phazilo lipume, makina ayambe ayima, ndipo azibwera kudzatsukitsa chilonda.

"Ndiye simundidula?" anafunsa Atelala.

"Ayi, mwabwera nthawi yabwino," anayankha adokotala. "Koma mverani. Musayendenso opanda nsapato, ngakhale m'nyumba. Muziyang'ana mapazi tsiku lililonse, mpaka pakati pa zala, ndipo mukasamba muziwapukuta aume. Madzi osamba ayambe ayesa amayiwa, poti inu mutha kupsa osamva. Mukaona kachilonda, thuza kapena kutupa, musadikire tsiku lanu la kuchipatala, ingobwerani."

Masabata amene anatsatira sanali ophweka. Munthu wozolowera ntchito kumukhazika pampando n'kumuzunza. Atelala ankangodula nsalu ndi kusokerera mabatani pamanja, phazi atalisanjika pakampando, uku akung'ung'udza. Masiku ena mantha aja ankabweranso, koma tsopano ankawanena pakamwa. Amati, "Mayi, lero ndikuopa," ndipo akazi awo ankakhala nawo pansi n'kuyang'ana limodzi mmene chilonda chikuumira. Anesi aja anawalowetsanso m'gulu la odwala shuga lokumana kuchipatala. Kumeneko anadabwa kupeza anthu akuluakulu kuposa iwo, odwala kalekale, akugwirabe ntchito zawo ndi kuseka nthabwala.

Chilonda chinapola. Tsiku limene adokotala anachotsa bandeji yomaliza, Atelala anagwira chidendene chawo n'kulira osachita manyazi. Shuga sanathe, ndipo iwo akudziwa kuti sadzatha. Koma amamwa mankhwala pa nthawi yake, saphonya tsiku la kuchipatala, ndipo kasitomala aliyense wodandaula za matenda sachoka pakhomo pawo asanatsinidwe khutu.

Anzanga, kuopa kuti matenda akula si tchimo, ndipo si inu nokha amene mumaopa. Choopsa ndi kubisa. Mukaona kusintha kulikonse m'thupi, uzani a m'banja mwanu ndipo pitani kuchipatala msanga. Atelala anachita zimenezi, ndipo lero akupalasa makina ndi miyendo yawo yonse iwiri.